Zithupsa za pakati pa zala za agalu a bulldog sizichira pozifinya

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa vuto limene eni ake agalu a mtundu wa bulldog ambiri amalitenga mopepuka, lomwe ndi zithupsa zofiira zimene zimatuluka pakati pa zala, makamaka za miyendo yakutsogolo. Galu amayamba ndi kunyambita phazi kosalekeza, kenako amatsimphina, ndipo mukam'tambasula zala mumapeza chotupa chonyezimira chimene nthawi zina chimachucha magazi osakanikirana ndi mafinya.

Ambiri amathamangira kufinya, poganiza kuti mafinya akatuluka ndiye kuti zatha, koma gwero la vutoli lili mkati. Agaluwa ali ndi ubweya waufupi wolimba, thupi lolemera komanso mapazi otambasuka, choncho akamaponda ubweyawo umalowa m'khungu, timabowo tomera ubweya timaphulika, ndipo thupi limayamba kulimbana ndi tizidutswa ta ubweyato ngati chinthu chachilendo. Mabakiteriya, makamaka a Staphylococcus, amangopezerapo mwayi. Kufinya kumangokankhira tizidutswato mkati kwambiri.

Dokotala wa ziweto wodziwa ntchito yake sangopereka mapiritsi basi. Amapala khungu pang'ono kuti aone ngati muli tinthata tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex kapena yisiti (mtundu wa fangasi wa pakhungu), ndiponso amafufuza ngati thupi la galuyo likudana ndi zakudya zina, fumbi kapena mungu, chifukwa kawirikawiri kuyabwa kumeneku n'kumene kumachititsa kuti zithupsa zizibwereranso.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa maantibayotiki. Matenda ozama otere amafuna mankhwala kwa masabata 4 mpaka 8, mwinanso kupitirira, koma mwini galu akaona kuti chotupa chaphwa amasiya, ndipo mabakiteriya otsalawo amabwera atalimba moti mankhwala omwewo sawamvanso.

Kunyumba, sambitsani mapaziwo ndi chlorhexidine, mankhwala opha majeremusi pakhungu, monga dokotala walangizira, kenako pukutani pakati pa chala chilichonse mpaka paume, popeza chinyezi chimakulitsa vutoli. Mum'veke kolala yom'letsa kunyambita, ngakhale angaoneke womvetsa chisoni. Musam'patse ibuprofen, chifukwa imawononga m'mimba ndi impso za galu. Ngati ndi wonenepa kwambiri, m'chepetsereni chakudya kuti mapazi apepukidwe. Opaleshoni yochotsa khungu lowonongekalo ilipo, koma madokotala amaisungira agalu amene njira zina zonse zawakanika.

Ine,
Woweta agalu