Achinyamata ayankhidwe akafunsa za Mulungu

Akonzi,

Ife ochokera ku Malawi okhala ku Mbare, muno mu Harare, timatsutsana kawirikawiri tikaweruka kutchalitchi ngati kukhulupirira Mulungu n'kwanzeru. Mnyamata wina atanena kuti chikhulupiriro n'cha osaphunzira, akuluakulu anangomukalipira osamuyankha, zomwe zinandikhumudwitsa.

Thomas Aquinas, wansembe wachikatolika komanso katswiri wa maphunziro a zaumulungu yemwe anamwalira mu 1274, anapereka njira zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo. Imodzi imati chilichonse chili ndi chochiyambitsa, ndipo popeza mndandanda wa zoyambitsa sungabwerere m'mbuyo kosalekeza, payenera kukhala woyamba amene sanayambitsidwe. Komabe David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland, anafunsa chifukwa chimene Mulungu wabwino ndi wamphamvuzonse amalolera mavuto, funso lomwe limamuvuta ngakhale mkhristu wolimba akamaika mwana wake m'manda. Ndikupempha abusa athu kuti azikambirana mfundo zoterezi ndi achinyamata poyera.

Wowerenga wanu,
Mbare, Harare