Kalata kwa mwana wanga amene wapemphedwa kuyeza atsikana othamanga

Mwana wanga wokondedwa,

Kalata yako ndayilandira ndipo ndayiwerenga kangapo. Ukuti akupempha kuti ukhale m'gulu la madokotala oyeza atsikana othamanga asanalowe m'mipikisano ikuluikulu, ndipo mtima wako uli pawiri, chifukwa ukuona kuti payenera kukhala malire pakati pa mpikisano wa amuna ndi wa akazi, komabe ukuopa kudzakhala munthu wouza mtsikana wosalakwa kuti thupi limene anabadwa nalo silikuloledwa. Za thupi la munthu umazidziwa kuposa ine, choncho sindikuphunzitsa udokotala, koma pali zimene ndikufuna uzisunge mumtima usanawayankhe.

Usapeputse chifukwa chimene amapereka anthu ofuna malamulo oyeza matupi a othamanga kuti aone amene aloledwe mu mpikisano wa akazi. Mpikisano wa akazi unapatulidwa chifukwa mnyamata akatha msinkhu, testosterone, homoni imene imachuluka m'thupi la amuna, imakuza minofu yake, imalimbitsa mafupa ndi kuchulukitsa maselo ofiira a magazi, kotero kuti pa liwiro amuna aluso amaposa akazi aluso ndi magawo 10 mpaka 12 pa 100 alionse. Pamene David Rudisha anathamanga mamita 800 pa 1:40.91 ku London mu 2012, nthawi yabwino koposa ya akazi inali 1:53.28, imene Jarmila Kratochvílová anathamanga mu 1983. Mtsikana amene wakhala akulawirira mbandakucha kwa zaka khumi, n'kumathera pa nambala yachinayi, nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo akafunsa ngati mpikisano unali wachilungamo, funso lakelo liyenera kumvedwa popanda kumunena kuti ndi wanjiru.

Koma amene malamulowa amawagwira sanabe kanthu. Anabadwa, azamba ananena kuti ndi mwana wamkazi, anakula ngati atsikana, ndipo ambiri a iwo anamva koyamba kuti matupi awo ndi osiyana ndi a anzawo atafika kale pa bwalo la mpikisano. Sanamwe mankhwala owonjezera mphamvu ayi. Ndimakumbukirabe chaka cha 2009 ku Berlin, pamene Caster Semenya wa ku South Africa, ali ndi zaka 18 zokha, anapambana mamita 800 nkhani yoti akumuyeza itafalitsidwa kale kwa atolankhani. Dziko lonse linkakambirana za thupi la mwana ameneyo ngati kuti alibe makutu, ndipo anamuimitsa mpaka July 2010. Ine monga mayi, chimene chinandipweteka si kuyezako kwenikweni, koma kuvula mwana wa eni pagulu chonchi.

Taona mmene malirewo akhala akusunthira. Mu 2011 bungwe loyendetsa masewera othamanga padziko lonse la IAAF, limene lero ndi World Athletics, linaika malire a testosterone kwa akazi pa muyeso wa mananomolo 10 pa lita imodzi ya magazi. Dutee Chand wa ku India anakasuma ku khoti la zamasewera la CAS, ndipo mu 2015 lamulolo linaimitsidwa chifukwa umboni unali wosakwanira. Mu 2018 linabweranso ndi malire a 5, koma pa mitunda ya mamita 400 mpaka mailosi imodzi yokha, n'chifukwa chake Christine Mboma wa ku Namibia anakanizidwa mamita 400 ku Tokyo mu 2021 koma analoledwa mamita 200, kumene anatenga mendulo ya siliva. Munthu mmodzi yemweyo, thupi lomwelo, wololedwa pa mtunda wina n'kuletsedwa pa wina! Mu 2023 anatsitsa malirewo kufika pa 2.5 pa mipikisano yonse, ndipo mu 2025 anayamba kuyeza jini ya SRY, imene imayambitsa umuna m'thupi. Ngakhale oweruza a CAS, pokana dandaulo la Semenya mu 2019, anavomereza kuti lamulolo ndi losankha, kungoti awiri mwa atatu analiona kuti ndi lofunika. Malire amene asuntha kangapo chotere m'zaka zosakwana 15 ndi oikidwa ndi anthu ofufuzabe njira, ndipo wowagwiritsa ntchito ayenera kutero modzichepetsa.

Udzamva ena akunena kuti katswiri aliyense ali ndi mphatso yobadwa nayo, monga Eero Mäntyranta wa ku Finland amene anabadwa ndi magazi ochuluka maselo ofiira ndipo palibe anamulanda mamendulo ake. Ena adzayankha kuti masewera sanagawidwe potengera magazi kapena kutalika kwa miyendo, koma potengera umuna ndi ukazi. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, ndipo sindikuganiza kuti mtsutsowu udzathera m'chipinda chako choyezera.

Chimene chili m'manja mwako ndi china, ndipo ndicho ndikufuna tikhalepo. Mu 1985 pa mpikisano wa ku Kobe ku Japan, María José Martínez-Patiño wa ku Spain anapezeka ndi makromozomu a XY, amene kawirikawiri amapezeka mwa amuna. Nkhaniyo itatuluka anamulanda ulemu wonse umene anapata ndi thandizo limene ankalandira, ndipo amene ankafuna kumukwatira anamusiya, chonsecho thupi lake silinkamva n'komwe testosterone, moti sinkamupatsa mphamvu iliyonse yoposa anzake. Anamubwezera ufulu wake mu 1988, nyengo yake yabwino itadutsa. Pepala la zotsatira silinena zonse za munthu, ndipo iwe ukudziwa bwino kuti jini kupezeka sikutanthauza kuti yagwira ntchito. Usadzalole kuti nambala imodzi ikulankhulire usanamuone munthuyo bwinobwino.

Yoopsa kwambiri kwa ine ndi ya Annet Negesa wa ku Uganda, amene anachitidwa opaleshoni mu 2012 pofuna kutsitsa testosterone. Iye wakhala akunena poyera kuti sanafotokozeredwe bwino chimene ankakamuchita, ndipo liwiro lake silinabwererenso. Semenya nayenso ananena kuti mapiritsi amene ankamwa kwa zaka zingapo ankamudwalitsa. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la madokotala padziko lonse la World Medical Association linapempha madokotala kuti asatengeko mbali popereka mankhwala otere kwa anthu osadwala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mwananga. Mtsikana wochokera kubanja losauka, amene liwiro lake ndilo likudyetsa abale ake, adzavomera chilichonse chimene dokotala wanena, ndipo kuvomera kwa munthu wopanikizika chotero si chilolezo chenicheni. Umufotokozere m'chilankhulo chimene amamva, umupatse nthawi yokafunsa akwawo, ndipo umuuze mosabisa kuti ali ndi ufulu wokana.

Usadzavomerenso kuti akubweretsere atsikana osankhidwa ndi maso, akuti uyu mawu ake ndi abesi, uyo chifuwa chake n'chosalala. Sizinangochitika kuti onse atatu amene anatenga mamendulo a mamita 800 ku Rio mu 2016, Semenya, Francine Niyonsaba wa ku Burundi ndi Margaret Wambui wa ku Kenya, anagwidwa ndi lamulo la 2018, ndipo anthu ambiri amafunsa chifukwa chake chikayiko chimagwera kawirikawiri akazi a ku Africa ndi ku Asia. Ngati pali kuyeza, kukhale kwa onse mofanana.

Maganizo anga ndi akuti ntchitoyi uyilandire, chifukwa amtima wachifundo akaikana idzagwera osasamala. Koma usanasaine, uwafunse kuti akulembere papepala mayina a maudindo amene adzaone zotsatira, kumene zidzasungidwe, ndi amene adzakhale pambali pa mtsikanayo tsiku lomuuza. Akakana kukulembera zimenezi, uwabwezere kalata yawo, ndipo undidziwitse mmene akuyankhira.

Ndine mayi ako wokukonda.