Kalata kwa Mnzanga Wokonzekera Ulendo wa ku Thailand ndi Laos

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Manchester pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndakondwa kumva kuti mwatsimikiza zopita ku Asia panokha, popanda kampani yokonzera anthu maulendo. Chimene sindinagwirizane nacho ndi maganizo oyenda mayiko asanu m'masabata atatu, chifukwa mukatero tchuthi chonse chidzathera m'mabwalo a ndege, mukuvula lamba ndi nsapato pamizere ya achitetezo. Sankhani mayiko awiri okha, Thailand ndi Laos, ndipo muyende pansi, pa sitima ndi pa boti.

Musanagule tikiti ya ndege, yambani ndi viza. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi eni mapasipoti a ku Ulaya, amene amangofika n'kudindiridwa, pamene pasipoti yathu ya Malawi ili ndi malamulo akeake, ndipo kukhala kwanu ku Britain sikusintha zimenezo. Funsani ku maofesi a akazembe a mayiko onse awiri, ndipo za Laos mufunsitsitse ngati mudzaloledwa kulowera pachipata cha Huay Xai, pamalire a Laos ndi Thailand, poti ndi pamene ndikufuna kuti mudzere. Miyezi yabwino ndi Novembala mpaka Januwale. Mu Malichi ndi Epulo kumatentha kwambiri, komanso alimi a kumpoto amakhala akuotcha minda, moti utsi umaphimba mapiri onse.

Ku Bangkok masiku atatu ndi okwanira. Mukadzayandikira nyumba yachifumu ya Grand Palace, mwina mudzakumana ndi munthu wovala bwino, waulemu wake, wokuuzani kuti lero kwatsekedwa ndipo akupezerani tuk-tuk (kagalimoto ka matayala atatu) yotsika mtengo yokuonetsani malo ena. Mudzangomuthokoza n'kupitirira mpaka pageti, pakuti ulendo wa tuk-tuk umenewo umakathera m'sitolo ya miyala yamtengo wapatali. M'makachisi muzivala zobisa mapewa ndi mawondo, nsapato muzisiya pakhomo. Za banja lachifumu musachite nazo nthabwala ngakhale pang'ono, chifukwa lamulo la kumeneko limapereka zaka 3 mpaka 15 m'ndende kwa wonyoza mfumu.

Kuyambira mu 2023 sitima za maulendo ataliatali zimanyamukira pa siteshoni ya Krung Thep Aphiwat, osati ya Hua Lamphong imene mabuku akale amatchula. Tsikirani kaye ku Ayutthaya, limene linali likulu la ufumu wa Siam mpaka pamene asilikali a ku Burma analiwononga mu 1767. Mabwinja ake amayendeka bwino pa njinga yobwereka. Madzulo mukwere sitima ya usiku yopita ku Chiang Mai, ndipo pogula tikiti, masiku angapo ulendo usanafike, mupemphe bedi lam'munsi: n'lokwererapo mtengo pang'ono, koma n'lalikulu ndiponso lili ndi windo. Kukada, wantchito wa m'sitima amabwera kudzasandutsa mipando kukhala mabedi, n'kuyala nsalu zoyera ndi kupachika makatani.

Gawo limene ndikufunitsitsa kuti musaliphonye ndi la mtsinje wa Mekong. Kuchoka ku Chiang Mai mudzakwera basi kudzera ku Chiang Rai mpaka ku Chiang Khong, n'kuwoloka mlatho kulowa m'dziko la Laos, kumene magalimoto amayenda kumanja. Pa Huay Xai pamanyamuka maboti aataliatali ofolera ndi denga, amene amatenga masiku awiri kukafika ku Luang Prabang, ndipo usiku mumagona pamtunda, m'tauni yaing'ono ya Pakbeng. Mipando yambiri ndi yochotsedwa m'magalimoto akale. Fikani msanga kuti mukhale kutsogolo, popeza kumbuyo kuli injini yaphokoso logonthetsa m'kutu. Botilo limaima m'midzi yopanda doko, anthu n'kutsika pamchenga ndi matumba a mpunga, ana akuthamangira kudzawalandira. Ena amati masiku awiri amenewa ndi otayika, koma ine ndimaona kuti ndiwo amakuonetsani dzikolo kuposa kachisi aliyense. Aliponso maboti ang'onoang'ono othamanga amene amamaliza ulendowu tsiku limodzi. Amenewo apeweni, chifukwa mtsinjewo uli ndi miyala yambiri.

Luang Prabang, mzinda umene UNESCO inauika pamndandanda wa malo otetezedwa mu 1995, upatseni masiku osachepera anayi. M'bandakucha amonke achibuda amayenda pamzere, opanda nsapato, kulandira mpunga kwa anthu ogwada m'mbali mwa msewu. Umenewu ndi mwambo wachipembedzo, choncho imani patali ndipo musawawalitsire kuwala kwa kamera kumaso, monga amachitira alendo ena opanda khalidwe. Pa chakudya simudzavutika: mpunga wawo womata umabwera m'kadengu kansungwi, ndipo mumautema ndi dzanja, kuwumba mbamu n'kusunsa m'ndiwo monga timachitira ndi nsima. Mukapita kumidzi musapatuke m'njira zopondedwa, chifukwa pakati pa 1964 ndi 1973 ndege za America zinaponya mabomba oposa matani 2 miliyoni m'dzikolo, ndipo ena osaphulika akadali m'nthaka.

Pobwerera kwerani sitima yatsopano ya pa njanji yolumikiza Laos ndi China, imene inatsegulidwa mu Disembala 2021. Imakufikitsani ku Vientiane, likulu la Laos, m'maola awiri, ulendo umene kale basi inkauyenda tsiku lathunthu m'mapiri, koma matikiti ake amatha msanga, choncho mupemphe a kumalo ogona kuti akuguliretu. Kuchoka ku Vientiane mudzawolokera ku Nong Khai m'dziko la Thailand n'kukwera sitima ya usiku yobwerera ku Bangkok. Musiye tsiku limodzi lopanda chochita ndege yanu isananyamuke, poti sitima za ku Thailand nthawi zina zimachedwa.

Viza ikatuluka mundidziwitse masiku enieni a ulendo. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Zomba.