Tisamuiwale Jessie Bond

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mayi wina amene dzina lake silimveka kawirikawiri. Anthu akamakamba za zisudzo zoimba ndi zoseketsa za ku England, amathamangira kutamanda Gilbert wolemba mawu ndi Sullivan wopeka nyimbo. Nanga amene ankakhetsa thukuta pasiteji usiku ndi usiku?

Jessie Bond anabadwira ku London mu 1853, n'kukulira kuno ku Liverpool. Ankangoimba m'makonsati, zisudzo sankazidziwa n'komwe. Mu 1878 anamutenga kuti achite gawo la Hebe m'sewero la Gilbert ndi Sullivan lotchedwa H.M.S. Pinafore, akulandira mapaundi 3 pa sabata. Poti anali mlendo pantchitoyi, mawu olankhula anamuchepetsera kwambiri, anangomusiyira zoimba.

Koma taonani mu 1882 ku Savoy Theatre: mayi yemwe uja akutumphuka pang'onopang'ono mumtsinje wa pasiteji, udzu wa m'madzi uli yangayanga thupi lonse, ndiye Iolanthe ameneyo, m'sewero la dzina lomweli. Mu 1885 anali Pitti-Sing mu The Mikado, sewero lomwe linaonetsedwa maulendo 672 motsatizana. Pofika 1887 anamupatsa gawo lovuta la Margaret wamisala mu Ruddigore, iye amene kale ankamuopera kulankhula.

Chimandikhudza kwambiri n'chakuti zonsezi ankachita mwendo ukumuvutitsa chifukwa cha chotupa. Anasiya zisudzo atakwatiwa mu 1897, ndipo anamwalirira ku Worthing mu 1942.

Chonde akonzi, patsamba lanu la zaluso muzilembako za ochita zisudzo otere.

Wokonda zisudzo,
Liverpool