Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete: yesani pa midzi yochepa musanalamule chigawo chonse

Olemekezeka a Bwanamkubwa,

Ndikulemba kuchokera ku Ulónguè, m'boma la Angónia, kumene ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri ndisanapume n'kubwerera ku khasu. Pempho langa ndi limodzi. Mapulani akuluakulu okhudza miyoyo ya anthu, kaya ndi kusamutsa midzi, kugawa mbewu kapena kuika malamulo a malonda a chimanga, aziyamba ayesedwa pa malo ochepa, ndipo boma lizitchera khutu kuti lizimva msanga zinthu zikayamba kupita kwina.

Mundilole ndiyambire kutali pang'ono. M'chaka cha 1961 katswiri wa zanyengo wa ku America, Edward Lorenz, ankawerengetsa kayendedwe ka mphepo pa kompyuta. Tsiku lina, pofuna kubwereza ntchito yomwe anali atachita kale, analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, poganiza kuti timanambala takumapetoto n'topanda ntchito. Poyamba zotsatira ziwirizo zinkayendera limodzi, koma patsogolo zinasiyana kotheratu, ngati nyengo za mayiko awiri. Mu 1972 anafunsa funso lomwe linatchuka: kodi gulugufe akakupiza mapiko ku Brazil angautse kamvulumvulu ku Texas? Maphunziro amenewa pa Chipwitikizi amati teoria do caos. Phunziro lake n'lakuti zinthu zambiri zikalukana, chilichonse n'kumakoka chinzake, kusiyana kochepetsetsa poyambira kumakula mpaka wina aliyense kulephera kulosera mapeto ake.

Sindikunena kuti masamu a mitambo angaikidwe pa anthu monga alili. Anthu ndi ovuta kuposa mitambo, chifukwa mtambo sumva zimene wailesi yanena za iwo, pamene munthu amamva n'kusintha zochita. Mphekesera ikangomveka pamsika kuti chimanga chisowa, aliyense amatseka nkhokwe, mavenda amathamangira chotsalacho, mtengo umakwera, ndipo kukwerako kumatsimikizira mphekesera ija. Amene anaiyambitsa mwina ankangocheza pa bawo.

Ife a m'malire izi timaziona ndi maso. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Chiganizocho chinapangidwa ku Lilongwe, m'dziko la eni, koma chinafika mpaka m'madimba mwathu, chifukwa mbatatesi, nyemba ndi chimanga chathu zimadutsa pa zipata za m'malire za Calómuè ndi Biri-Biri, ndipo ambiri a ife tinazolowera kugwira kwacha pamodzi ndi metikali. Amene anasunga kwacha m'nyumba anadzuka ndalama zawo zitachepa mphamvu usiku umodzi. Kenaka kunabwera ng'amba ya El Niño m'nyengo ya 2023 mpaka 2024. Palibe pulani ya ulimi yolembedwa mu ofesi chaka cha m'mbuyo mwake imene ikanaona mavuto awiriwa akukumana pakhomo limodzi.

Koma nkhani yomwe imandipweteka mtima kwambiri ndi ya Cateme. Pakati pa 2009 ndi 2010, pokonzekera mgodi wa malasha wa kampani ya Vale ku Moatize, mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Pa pepala zonse zinawerengedwa: nyumba zingati, minda ingati, sukulu, chipatala. Chimene sichinalowe m'mawerengedwe ndi ulusi umene unkalumikiza moyo wa anthuwo. Mayi ankalima ndiwo kufupi ndi mtsinje n'kukagulitsa kumsika wapafupi. Bambo ankaumba njerwa chifukwa dothi labwino ndi ogula zinali pafupi. Mnyamata ankapeza ganyu m'tauni n'kubwerako tsiku lomwelo. Chilichonse mwa izi chimaoneka chaching'ono, koma ukazidula zonse nthawi imodzi banja limagwa ngakhale likugona m'nyumba ya malata. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji imene malasha amadutsapo. Madandaulo awo sanayambe tsiku limenelo. Anali akulankhula kalekale, kungoti njira yoti mawu awo afike kumwamba inali yaitali kuposa kupirira kwawo. Akanayamba kusamuka mabanja makumi ochepa, n'kuona chaka chimodzi chathunthu cha mvula ndi chilimwe, zambiri zikanaonekera madzi akadali m'nkhongono.

Akuluakulu a kuno amakumbukiranso CAIA, munda waukulu wa boma umene unakhazikitsidwa muno mu Angónia ufulu utabwera. Mathirakitala analipo, mapulani analipo, koma unagwa m'zaka za m'ma 1980, nkhondo n'kudzamalizitsa. Alimi wamba amene ankasakaniza chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi ndiwo anapitiriza kudyetsa mabanja awo.

Apa ndi pamene ndimaona kuti agogo athu ankadziwa kale zimene akatswiri akuzitulukira lero. Sankabzala mbewu imodzi, ndipo sankadalira munda umodzi: wakumtunda ukakanika, dimba linkawombola. Chimanga cha makolo sichibereka ngati cha haibulidi, koma chimalimba m'nkhokwe ndipo chimakonoleka bwino mumtondo. Munthu wowerengera matumba pa hekitala amaona ngati uku n'kutsalira. Koma kusiyanasiyana kumeneku ndiko kumateteza mudzi pamene chabwera chinthu chimene palibe anachiyembekezera. N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikamva kuti chigawo chonse, kuyambira kumapiri ozizira a Tsangano mpaka kuchigwa chotentha cha Zambezi, chilandire mbewu ya mtundu umodzi ndi uphungu umodzi.

Chaka china mlangizi wina wachinyamata anandiuza kumunda kwanga kuti mbewu yomwe anatigawira sinamere bwino m'midzi ingapo, koma sangalembe zimenezo mu lipoti chifukwa adzaoneka ngati wolephera ntchito. Ndinamumvera chisoni, ndipo mpaka lero ndimaganiza za midzi ina imene inalandira mbewu yomweyo chaka chotsatira chifukwa lipoti linati zonse zili bwino. Bwana, woyendetsa bwato pa nyanja ya Cahora Bassa sangadziwiretu funde lililonse, koma amapulumuka chifukwa amamva bwato likapendekeka n'kuwongola pomwepo. Mlangizi, nyakwawa, namwino wa kumudzi ndi mayi wogulitsa pamsika ndiwo amamva kupendekekako poyamba. Wobweretsa uthenga woipa msanga aziyamikiridwa, asamaopsezedwe.

Ena adzati ngati zam'tsogolo sizidziwika, ndiye boma lingokhala manja lende. Ayi. Namondwe Ana ataononga mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè mu Januwale 2022, tonse tinaona kuti ngakhale tsiku la chigumula silidziwika, kudalira njira imodzi kumaika anthu pangozi. Zimenezo zimakonzekereka.

Choncho pulogalamu yotsatira ya mbewu kapena kusamutsa anthu ikafika pa tebulo panu, funsani amene aibweretsa kuti idzayesedwa kaye m'midzi iti, ndani adzakuuzeni ikayamba kulakwika, ndipo mudzabwerera bwanji m'mbuyo zikavuta. Ngati alibe mayankho, musasaine msanga. Ndipo mukadzabwera ku Angónia nyengo yokolola, mudzapatule ola limodzi lokhala pansi ndi alangizi ndi mafumu popanda mabwana awo pafupi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma wa masamu,
Ulónguè, Angónia