Kalata ya Abusa: Za Miyambo Imene Timaidandaula Mumtima

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu. Ndikukulemberani pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo, ya miyambo imene ambiri a ife timaidandaula mumtima koma timaitsatirabe pagulu. Mukamufunsa munthu payekha, amavomera kuti mwambo wakutiwakuti umapweteka ana kapena kusaukitsa amasiye, kenako amati, "Nanga anthu adzati chiyani?" Sindikuwapeputsa mantha amenewa, pakuti banja losiya mwambo palokha limasalidwa, ndipo ozunzika kwambiri amakhala ana ake.

Ku China, kwa zaka mazana ambiri, makolo ankamanga mapazi a ana aakazi ndi nsalu kuti asakule, mpaka mafupa ankapindika. Amayiwo sankadana ndi ana awo. Ankaopa kuti mtsikana wa mapazi aakulu sadzakwatiwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunayambika mabungwe amene mabanja ankalonjezana zinthu ziwiri: kuti sadzamanga mapazi a ana awo aakazi, ndiponso kuti ana awo aamuna sadzakwatira mkazi womangidwa mapazi. Lonjezo lachiwirili ndi limene linachotsa mantha, chifukwa kholo linadziwa kuti mwana wake sadzasowa banja. Boma linaletsa mchitidwewu mu 1912, koma ine ndikukhulupirira kuti lamulo likanavutika likanapanda kupeza mabanja atagwirizana kale.

Mpingo woyamba unadutsanso m'njira yomweyi. Pa Machitidwe 15 timawerenga kuti nkhani ya mdulidwe itautsa mkangano, Paulo ndi Barnaba anapita nayo ku Yerusalemu, kumene atumwi ndi akulu anatsutsana kwambiri, anamvera umboni wa Petro ndi maganizo a Yakobo, kenako analemba kalata kuti aliyense adziwe zomwe agwirizana. Onani kuti sanataye zonse: anachotsa goli lolemera, nasiya zochepa zothandiza kuti Ayuda ndi anthu a mitundu ina akhalire limodzi.

Choncho ndikupempha akulu a mpingo, amayi ndi achinyamata kuti mukhale pansi, mutchule poyera mwambo umodzi umene ukutipweteka, ndipo okalamba atiuze chimene unkateteza poyamba, kuti chabwinocho tisachitaye. Amene mwambowo umawalemera ayambe ndiwo kulankhula. Chimene tidzagwirizane tidzachilengeze pamaso pa mpingo wonse, banja lililonse likumva kuti silidzatsala lokha.

Ine mbusa wanu, wokupemphererani masiku onse.