Lipoti la maphunziro a kafukufuku wa zamaganizo amene munandituma

A tcheyamani, akomiti ndi alangizi anzanga nonse,

Ndabwerako ku maphunziro a masiku atatu aja. Ndiyambe ndi zowawa: mafunso amene tinakonza kuti tikafunse achinyamata m'midzi sitingapite nawo momwe alilimu.

Tsiku lachiwiri anatikhazika awiriawiri kuti tiyeserane. Ine ndinawerenga funso lathu loyamba lija, "Kodi mumakhumudwa kawirikawiri?" Amayi amene ndinakhala nawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Andikhumudwitsa ndani?" Holo yonse kuseka. Ife timafunsa za nthenda ya maganizo, iwo anamva zolakwirana ndi munthu. Aphunzitsi anati funso lochokera m'Chingerezi amasulire munthu mmodzi, wina amene sanaone pepala loyambalo alibwezere m'Chingerezi, kenako mufananize, muliyese pa anthu ochepa musanasindikize. Anatiwonetsa SRQ-20 ya WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse: mafunso 20 oyankha inde kapena ayi, okhudza masiku 30 apitawo, monga mutu kupweteka, kusowa tulo ndi kusafuna kudya. Inayesedwa kale m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono. Ndikuona kuti tiyambire pamenepo.

China chinandichititsa manyazi. Anatisimbira za hatchi ya ku Berlin, Clever Hans, imene anthu ankati imadziwa masamu chifukwa inkayankha pogunda chiboda pansi. M'chaka cha 1907 katswiri wa zamaganizo Oskar Pfungst anaonetsa kuti inkangoyang'ana nkhope ndi thupi la wofunsayo. Wofunsayo akapanda kudziwa yankho, nayonso inkalephera. Atandijambula pa foni ndikufunsa, ndinadziona ndikugwedeza mutu munthu akamayankha zimene ndimafuna. Enanu mumateronso, ndakuonanipo.

Za chilolezo cha anthu olowa m'kafukufuku anatikumbutsa Stanley Milgram wa ku yunivesite ya Yale ku America, amene mu 1961 ananamiza anthu kuti akugwiritsa mnzawo shoko ya magetsi, ndipo 26 mwa anthu 40 anafika mpaka mavoti 450. Lero munthu amauzidwa zonse, amasaina kapena kudinda chala, ndipo akhoza kusiyira panjira. Kwa osakwana zaka 18 pafunikanso makolo. Kalata ya amfumu yokha siyokwanira; pulani yathu iyenera kupita ku komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo.

Malisiti a mayendedwe ndapereka kwa a msungichuma. Ndikupempha anthu awiri odziwa bwino Chingerezi, koma amene sanaone mafunso athu, kuti tikumane Loweruka lino adzawabwezere m'Chingerezi.